Mapesi Awiri a Kumchira kwa Ngalande

Panali mayi wina wachitsikana, dzina lake Filesi, amene ankalima chimanga cha mthirira kumapeto kwenikweni kwa ngalande. Anali ndi ana awiri, wina woyenda, wina wakumsana. Ndime yakeyo anamusiyira ndi malemu mayi ake. Inali yaing'ono, yoti ukaima pakati n'kuponya chibuluma chimakagwera mwa eni ake. Koma ikamwa madzi bwino inkadyetsa banja lonse miyezi ija nkhokwe imayera, chimanga cha kumunda chisanache.

Ngalandeyo inkachokera mumtsinje m'munsi mwa phiri n'kutsetsereka pakati pa dambo, ulendo wa ola lathunthu kwa munthu wobereka mwana. Kumene madzi ankalowera anthu ankati kumutu. Kumene ankathera ankati kumchira. Ndime zinali uku ndi uku, ndipo iliyonse inali ndi kageti kake kotsekulira ndi kutsekera madzi.

Kale, ngalandeyo ikukumbidwa, kunabwera munthu woyeza malo. Anaima kumutu, nkhope kuyang'ana kumene madzi akupita, n'kutambasula manja. Anati, izi ndi za kumanja, izi ndi za kumanzere. Analemba m'buku, anakwera njinga yake yamoto, anapita, ndipo sanabwerenso. Akanaima chotembenuka, mainawo akanasinthana. Koma tsiku limenelo dzuwa linkamuthobwa m'maso, ndiye analipatsa msana. Chifukwa chake chinali chomwecho basi.

Poyamba mainawo ankathandiza. Madzi sankakwana kuti onse athirire tsiku limodzi, ndiye anthu anagwirizana kuti Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu azitsekula a kumanja, Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka azitsekula a kumanzere. Munthu ukadzuka sunkafunsa zambiri. Unkadziwa mbali yako, unkadziwa tsiku lako, unkanyamula khasu n'kumapita.

Koma sabata ili ndi masiku asanu ndi awiri. Linatsala Lamulungu.

A kumanja anati Lamulungu ndi lawo, poti makolo awo ndiwo anayamba kukumba ngalande, ndipo zimene anasiya makolo sizisunthidwa. A kumanzere anati ayi, kwawo anthu achuluka, madzi agawidwe poona pakamwa pamene pakudya, osati manda a amene anakumba. Onse anali ndi mfundo. Akanakhala pansi tsiku limodzi, nkhaniyo ikanatha mbatata isanapse. Koma sinathe. Inakula chaka ndi chaka, mpaka mainawo anachoka m'dambo n'kulowa m'mudzi. Anafika pamsika, anafika pamaliro, anafika ndi pa ukwati. Mnyamata akafunsira mbeta, ankhoswe asanafunse za khalidwe ankayamba afunsa kuti kwawo amathirira liti.

Zinafika poti wa kumanzere akanena kuti ngalande yadzadza matope, tiyeni tikaichotse, a kumanja ankati pali chimene akubisa, ndipo matope ankakhala. Wa kumanja akanena kuti khoma la kumutu lang'aluka, a kumanzere ankati akufuna kupatutsira madzi kwawo, ndipo khoma linkakhala chong'aluka. Anthu amene sanasamalepo za Lamulungu, nawonso ankatupa mitsempha ya m'khosi. Ena sankadziwanso kuti mkangano unayamba bwanji. Ankangodziwa benchi yawo.

Pajatu misonkhano inkachitikira mu shedi ya malata kumutu kwa ngalande. Mabenchi anali mbali ziwiri, pakati pali kanjira. Ndipo panali lamulo loti aliyense wofuna kulankhula aimirire, atchule mbali yake, mlembi alembe, ndiye alankhule. Lamulolo analiika ndi cholinga chabwino, kuti mbali imodzi isamalankhule yokha. Koma chimene chinkachitika n'chakuti munthu akangoti "Kumanja," theka la shedi linkaomba m'manja iye asananene kanthu, theka linalo n'kuyamba kukuwiza. Akamakhala pansi, panalibe amene wamva chimene wanena. Ngakhale iye mwini nthawi zina sankakumbukira.

A kumanja ankawatsogolera ndi a Kampanje, bambo wa thupi ndi mawu ogwedeza malata. A kumanzere ankawatsogolera ndi a Chikuse, bambo wowonda, wokonda kuloza chala. Mu shedi ankanyozana mpaka thovu kukamwa. Filesi sanapite patali ndi sukulu, koma maso anali nawo. Anaona kuti ndime za awiriwa zinali kumutu, moyang'anizana, ndipo chimanga chawo chinali chobiriwira mpaka kuda. Anaonanso kuti msonkhano ukatha, anthu atabalalika, awiriwa ankathyolerana nzimbe imodzi kuseri kwa shedi. Anaziona, koma anazisunga mumtima, poti naye anali wa kumanja, ndipo mayi ake anamulera kuti wa kumanja amaombera m'manja a Kampanje.

Chaka chimenecho kunatentha. Mtsinje unaphwa mpaka miyala ya pakati kuonekera. Chimanga cha Filesi chinakula movutikira, n'kufika pomasula ngayaye, ndevu zikungoyamba kutuluka. Aliyense wolima amadziwa kuti nthawi imeneyo ndi yoopsa. Chimanga chikasowa madzi pamenepo, ngakhale udzachithirire bwanji pambuyo pake, umakolola zitsononkho zopanda maso. Chinali ndi sabata imodzi, mwina kuchepera.

Lolemba, tsiku la kumanja, Filesi anatsekula kageti kake m'mawa n'kukhala pamzere kudikira. Anadikira mpaka dzuwa kupendeka. M'ngalande munali matope ong'aluka ndi nyerere. Anabwerera kunyumba akutukwana a kumanzere mumtima, poti ndimo anthu ankanenera, kuti a kumanzere amaba madzi.

Lachiwiri anati ndikawagwire ndi maso anga. Anabereka mwana n'kupita ku ndime, ngakhale silinali tsiku lake.

Tsidya lina la ngalande, moyang'anizana ndi ndime yake, kunkalima mayi wina wamasiye, wachikulire, a Nankhoma. Anali a kumanzere. Zaka zonsezi moni wawo unali wa pamphuno. Filesi anawapeza atakhala pamzere, kageti kali kotsekula, miyendo atatambalala m'ngalande youma, akuthamangitsa ntchentche ndi tsamba.

"Wabwera kudzaona mbava?" anatero a Nankhoma osatembenuka. "Khala pansi, uone mmene tikubera. Taona, ndanyowa mpaka m'chiuno."

Filesi anayang'ana chimanga cha a Nankhoma. Masamba anali atapotana ngati fodya wopichira, chimodzimodzi ndi chake.

"Mayi, kodi inunso madzi safika?"

"Mwezi uno sindinawaone. Ine ndimati mukumwa ndinu a kumanja. Lolemba lija ndinabisala m'nthochimo kuti ndikugwire. Ndinangokuona ukuyasamula tsiku lonse ngati mwana wa mbalame."

Anaseka onse awiri, kuseka kosakoma.

"Ndiye akumwa ndani?" anafunsa Filesi.

"Ukufunsa ine? Funsa miyendo yako, ndiwe mwana. Ine mawondo anatha."

Filesi anamanga mwana bwinobwino n'kuyamba kukwera motsata ngalande. Anayenda nthawi yaitali pouma. Ndime za kumanja zofota, ndime za kumanzere zofota. Pakatikati anapeza matope onyowa. Kupitirira pang'ono anapeza kamadzi koyenda ngati kakuchita manyazi. Atayandikira kumutu anamva mkokomo. Madzi anali thothotho m'ngalande, ndipo mageti onse anali otsekula, a kumanzere ndi a kumanja omwe, ngakhale linali tsiku la kumanzere. Mu ndime ya a Chikuse madzi anali atasefukira mpaka mumsewu. Mu ndime ya a Kampanje munkasambira abakha.

Anaima pamenepo nthawi ndithu. Mwana anadzuka n'kuyamba kulira, iye osamumva.

Madzulo ake anapita kwa a Kampanje, poti ndiwo anali atsogoleri ake. Anagwada monga mwa ulemu n'kufotokoza kuti chimanga chake chamasula ndipo madzi sakufika.

"Mwana wanga, ndikudziwa," anatero a Kampanje. "Ndi anthu aja. Tikangowalanda Lamulungu, madzi afika mpaka pakhomo pako. Loweruka ubwere, udzaombe m'manja mwamphamvu."

"Nanga Lolemba, bambo, tsiku lathu lomwe, amamwa ndani? Poti ine sindiwaona."

A Kampanje anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Funso limenelo ndi la kumanzere. Wakutuma ndani?"

"Chandituma ndi chimanga."

"Samala, iwe. Paja umagwira khasu ndi dzanja lamanzere, timakuona. Amayi ako anali munthu wokhulupirika. Ukayamba zimenezi, kageti kako tikakhoma ndi msomali, ukapemphe tsiku kwa anzakowo."

Zinali zoona kuti Filesi anali wamanzere. Ali mwana anamenyedwa pa dzanja limenelo mpaka kutupa, kuti aphunzire kulandira ndi kudya ndi lamanja. Anaphunzira. Koma khasu, mpeni ndi mwala, dzanja lamanzere silinalole kulandidwa.

Kunyumba anauza mwamuna wake. Mwamunayo anakanda m'mutu.

"Make mwana, ine kuno ndine mkamwini. Ndikatsekula pakamwa andifunsa kuti ndime ndinabwera nayo m'thumba? Ingokhala chete. Mwina mvula ibwera msanga."

Filesi anayang'ana kumwamba. Kunali mbee, kopanda ndi kamtambo komwe. Anayang'ana mwana wake wamkulu akunyambita chala m'mbale.

Loweruka m'mawa anapita ku ndime. Anazula phesi limodzi la chimanga chake, ndi mizu yomwe. Kenako anaoloka ngalande, chinthu chimene anali asanachitepo, n'kuima mu ndime ya a Nankhoma.

"Mayi, ndipatseni phesi limodzi."

"Zula ngakhale khumi. Ukufuna ukadyetse mbuzi?"

"Ndikufuna ndikadyetse msonkhano."

A Nankhoma anamuyang'anitsitsa. "Iwe mwana, akakudya wamoyo. Ine ndikakhala pa benchi yanga, usandiyang'ane."

"Sindikuyang'anani."

Mu shedi munadzadza. A Kampanje analankhula za makolo ndi thukuta lawo, a kumanja anaomba. A Chikuse analankhula za chilungamo ndi ana osauka, a kumanzere anaomba. Za Lamulungu zinatchulidwa kambirimbiri. Za ngalande youma panalibe anatchula. Filesi anaona anthu a kumchira, milomo yosweka ndi dzuwa, akuomba m'manja mpaka kufiira, aliyense kuombera munthu amene abakha ake akusambira m'madzi ake.

Ndiye analowa. Sanapite ku benchi ya kumanja kumene ankakhala masiku onse. Anayenda m'kanjira ka pakati, mwana kumsana, mapesi awiri paphewa, n'kuima pamaso pa tebulo la mlembi. Anakweza dzanja, ndipo linali lamanzere. Anthu anaseka.

Mlembi anali bambo wofatsa, wovala magalasi omangidwa ndi ulusi. Anakweza cholembera.

"Mayi, mbali?"

"Ndabwera ndi nkhani ya madzi."

"Tikumva, koma lamulo mukulidziwa. Kumanja kapena kumanzere?"

"Zitengera kumene mwayang'ana, a Mlembi. Inu mukaima kuno kumutu n'kuyang'ana kumene madzi akupita, ndime yanga ili kumanja. Koma ine ndimakhala kumchira. Ndikamadikira madzi ndimayang'ana kuno kumtunda, ndipo ndime yanga imakhala kumanzere kwanga. Tsiku lonse ndimakhala choncho. Ndiye lembani mmene mukuonera."

Ena anaseka, ena anakuwiza. Wina kumanja anakuwa kuti, "Wagulitsidwa ameneyo!" Wina kumanzere anakuwa kuti, "Ndi msampha wa a Kampanje, musamumvere!" A Kampanje anaimirira.

"Mwana uyu ndi wa kumanja chibadwire. Khala pansi, Filesi, usatichititse manyazi."

"Sindikhala."

"Tchula mbali, apo ayi tuluka!"

"Sinditchula, ndipo sindituluka."

Anatsitsa mapesi aja n'kuwaponya pansi pakati pa kanjira. Fumbi linabuka. Anali ofanana ngati mapasa: aafupi, masamba opotana, ngayaye zoyera ndi ludzu, ndevu zouma zisanakule.

"Limodzi ndazula kumanja, lina ndazula kumanzere. Inu akuluakulu mumadziwa kusiyanitsa anthu ndi mbali zawo ngakhale ali patali. Ndiuzeni, la kumanja ndi liti?"

A Kampanje anatsika n'kuwerama. Anayang'ana ili, anayang'ana ilo. Anatola limene linkaoneka lofota kwambiri n'kulikweza.

"Ili ndi lathu! Onani, anthu inu, mmene a kumanzere atiphera mbewu!"

A Chikuse analumpha n'kugwira phesi lomwelo kumizu.

"Bodza! Ili ndi lathu! Chimanga chozunzika chonchi chingakhale cha kumanja?"

Anakokana. Azibambo awiri aakulu, wina kungayaye, wina kumizu, dothi likuwagwera pa nsapato. Phesi linathyoka pakati, a Chikuse n'kukhala pansi mwadzidzidzi. Panalibe anaomba m'manja. Mwana wina kumbuyo anaseka, mayi ake n'kumutseka pakamwa.

"Tiuze iweyo," anatero a Kampanje akupuma mwamphamvu. "Ndi la ndani?"

"Sindikudziwa, bambo. Ndazula ndine, koma ndasintha phewa kawiri panjira. Ngakhale ine mwini sindingalizindikire. Ludzu lake ndi limodzi."

Kenako anatembenuka n'kuyang'ana anthu, mbali zonse ziwiri.

"Ine za Lamulungu sindikuzikana, mudzakambirane. Koma Lolemba madzi sindiwaona, ndipo ndi tsiku langa. Amene ali tsidya lina la ndime yanga, Lachiwiri sawaona, ndipo ndi tsiku lawo. Mukatipatsa Lamulungu mwatipatsa tsiku linanso lokhala pamzere n'kumayasamula. Ndakwera ngalande yonse ndi miyendo yangayi. Kuno kumutu mageti satsekedwa, uku ndi uku, tsiku lililonse. Chimanga changa chatsala ndi masiku awiri. Ndikupempha chinthu chimodzi. Mageti a kumutu atsekedwe, madzi ayambire kumchira, azibwerera chokwera. Ndatha."

Kwa nthawi yoyamba mu shedi imeneyo, munthu analankhula mpaka kumaliza ndipo onse anamva. Sanadziwe kuti aombe kapena akuwize, poti sanauzidwe mbali. Ndiye anangomvetsera.

Mlembi anavula magalasi n'kuwapukuta.

"Mayi, mawu anu ndawamva. Koma buku langa lili ndi mizere iwiri yokha. Mawu opanda mbali ndilibe powalemba. Ndipo chosalembedwa sitingachivotere."

"Chabwino," anatero Filesi. "Ndidikira mupeze polemba."

Anamasula nsalu, anatsitsa mwana, anakhala pansi pa fumbi pakati pa kanjira, n'kuyamba kuyamwitsa.

A Kampanje anakuwa kuti amutulutse. A Chikuse, atadzuka n'kudzikuntha, nawonso anati amutulutse. Aka kanali koyamba awiriwa kugwirizana pamaso pa anthu, ndipo anthu anaona. Koma panalibe mwamuna amene anafuna kukoka mayi woyamwitsa.

Ndiye ku benchi ya kumanzere kunamveka kubuula. A Nankhoma anali kudzuka, dzanja pa bondo.

"Phesi linalo ndi langa," anatero. "Kaya ndi lothyokalo, kaya ndi linalo. Sunthira uko, iwe wamanzere wa kumanja, matako anga ndi aakulu."

Anakhala pansi pambali pa Filesi. Patapita kanthawi anadzuka bambo wina wa kumanja amene anyezi wake anapsa mwezi wathawo. Kenako mayi wina wa kumanzere ndi mapasa ake. Kenako atatu pamodzi. Mwamuna wa Filesi, amene anaima panja pa shedi monga mkamwini, analowa chozemba n'kukhala kumapeto. Kanjira kanadzadza, anthu mpaka kutulukira kukhomo. Pa mabenchi panatsala anthu owerengeka uku ndi uku. Ndipo aliyense anaona ndi maso ake chimene mainawo anabisa zaka zonsezi: otsala pa mabenchi, a kumanja ndi a kumanzere omwe, anali a ndime za kumutu.

Bambo wa anyezi uja magazi anamutentha. Anaimirira n'kukuwa.

"Basi! Kuyambira lero ife ndife a Kumchira! Tikhome benchi yathu, Filesi akhale mtsogoleri! A Kumchira, moto!"

Anthu anayamba kuvomera. Nthawi yomweyo pa benchi ya kumanja panadzuka nkhalamba ina ya kumutu, ikufuna kulankhula. Anthu a pansi aja anayamba kuikuwiza. "Khalani pansi, a kumutu inu! Mwamwa kale!"

Filesi anachotsa mwana kubere n'kuimirira.

"Ayi! Mwayambanso? Munthu sanatsekule pakamwa, inu mwamumva kale? Benchi yachitatu ine sindiifuna. Mukaikhoma, chaka chamawa mudzakhala mukundiombera m'manja ndikunena zopusa. Sindinabwere kudzatenga dzina. Ndabwera kudzatenga madzi. Asiyeni agogo alankhule."

Anthu anachita manyazi n'kusiya kukuwiza. Nkhalamba ija inatsokomola.

"Ine ndime yanga ndi yachitatu kuchokera kumutu," inatero. "Chimanga changa chachita chikasu, mizu ikuola ndi madzi. Ndimaopa kutseka geti, poti ndikatseka ine, wa tsidya linalo satseka, ndipo anzanga adzati ndapereka madzi kwa adani. Mwanayu wanena zoona. Ine nditseka lero lomwe."

Inatsika pa benchi pang'onopang'ono n'kukhala pa fumbi.

Mlembi anayang'ana mizere yake iwiri. Anayang'ana anthu. Kenako anatseka buku, analitembenuza, n'kulemba kuchikuto cha kumbuyo kumene kunalibe mzere.

"Amene akufuna madzi ayambire kumchira, akweze dzanja."

"Dzanja liti, a Mlembi?" anafunsa a Nankhoma.

"Limene muli nalo, mayi."

Manja anakwera, amanja ndi amanzere, ena onse awiri. Mlembi sanavutike n'kuwerenga.

Masana omwewo anthu anayenda m'mbali mwa ngalande akutseka mageti, kuyambira pa ndime za a Kampanje ndi a Chikuse. Ena anatenga makasu n'kuchotsa matope aja anakhala zaka akudikira kuti adziwike mbali yawo. Ngalande youma imamwa kaye yokha isanapatse munthu, ndiye madzi anayenda pang'onopang'ono. Anafika kumchira mawa lake masana. Linali Lamulungu, tsiku lija anthu anakanganirana zaka zonsezi.

Filesi anali pamzere, a Nankhoma tsidya linalo. Poyamba anamva fungo la dothi lonyowa. Kenako anaona zinyalala, masamba ndi timitengo zikubwera, zikukankhidwa ndi lilime la madzi akuda. Nyerere zinabalalika. Filesi anatsekula kageti kake ndi dzanja lamanzere, a Nankhoma anatsekula kawo, ndipo madzi anagawikana okha osafunsa dzina la munthu.

Si chimanga chonse chinapulumuka. Mizere ya kumtunda kwa ndime inali itapsa kale, ndipo inabereka zitsononkho. Koma yotsalayo inadzuka, masamba anatambasuka, ndevu zinatuluka. Miyezi ya njala itafika, ana a Filesi ankakukuta chimanga chootcha pakhonde.

A Kampanje sanamupatsenso moni. Ankauza anthu kuti mtsikana uja anali kazitape wa kumanzere kuyambira kale, dzanja lake lomwe linkanena. A Chikuse ankauza anthu kuti inali nzeru ya a kumanja yofuna kusokoneza nkhani ya Lamulungu. Filesi ankawadutsa onse awiri ndi dengu pamutu, osachepetsa liwiro. Masiku a kumanja ndi a kumanzere anakhalapobe, poti pothirira ankathandiza. Koma mu shedi, mlembi akafunsa munthu mbali, ambiri anayamba kuyankha kuti, yambani mwamva kaye.

Inu amene mukumva fanizoli, mwamvapo pa wailesi akuti andale awa ndi a kumanja, awa ndi a kumanzere. Kwathu kuno timatchula mwina: uyu ndi wa boma, uyu ndi wotsutsa, uyu wavala nsalu ya mtundu wakuti. Dzina si loipa. Limakuuza tsiku lothirira, limakuuza kumene munthu amakonda kuima. Koma tsiku limene dzina liyamba kukutsekani makutu, dziwani kuti pali wina kumutu amene abakha ake akusambira.

Ndiye akakufunsani mbali musanalankhule, musafulumire kuyankha. Funsani kuti amene anatcha mainawo anayang'ana kuti. Funsani kuti mankhwala kuchipatala afika kapena sanafike, mlatho wamangidwa kapena sunamangidwe, madzi athera pati ndipo akumwa ndani. Wa mbali yanu akanena zopusa, manja anu akhale pa maondo. Wa mbali inayo akanena zoona, musiyeni amalize. Adzakutchani wogulitsidwa, adzakutchani kazitape, moni adzakumanani. Asiyeni. Mwana wanu sadya dzina. Nyamulani mapesi anu awiri, muime pakati, ndipo musachokepo mpaka apeze polemba.